MALIRE A KU TSANGANO: CHITETEZO CHA DZIKO NDI ULEMU WA MUNTHU

Munthu amene ali pa ulendo wochokera ku Ntcheu kulowera ku Dedza pa mseu waukulu wa M1 amafika pa mphambano ya Tsangano, pamene alimi amayala mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi m'mbali mwa mseu. Akaima pamenepo nafunsa kuti dziko la Malawi lathera pati, anthu amamulozera mseu womwewo umene waimapo. Akapatuka ndi kukwera mapiri a Kirk Range kulunjika ku Tsangano kwenikweni, njira imene imapitirira mpaka ku Neno ndi ku Mwanza, adzapeza kuti minda, misika ndi manda zili uku ndi uku kwa malire, ndipo kuti kutsidyako, m'chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, kulinso boma lotchedwa dzina lomwelo la Tsangano.

M'dera lotere ntchito yoteteza malire ndi yovuta kwambiri, ndipo tiyenera kunena poyera kuti apolisi, asilikali, ogwira ntchito yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndiponso otolera msonkho amene ali kumeneko asenza katundu wolemera. Koma funso limene tifuna kuti akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi alilingalire lero ndi ili: kodi mphamvu zimene dziko limapereka kwa anthu ameneŵa zimalekezera pati, ndipo ndani amene amaonetsetsa kuti sizikupyola pamenepo?

Mzere umene udagawa mtundu umodzi

Malire ameneŵa sadalembedwe ndi eni nthaka. Adakhazikitsidwa ndi pangano limene Angerezi ndi Apwitikizi adachita pa 11 Juni 1891, ndipo m'dera lino adatsata msana wa mapiri. Madzi a mvula otsikira kum'mawa, monga a mtsinje wa Rivirivi amene amakathira mu Shire, adakhala a dziko lino, ndipo otsikira kumadzulo kukathira mu Revubue ndi Zambezi adakhala a Apwitikizi. Pa nthawi imeneyo Angoni a kwa Maseko n'kuti atakhazikika kale pafupi ndi phiri la Domwe, limene lero lili m'boma la Angonia ku Mozambique. Mzerewo udadula ufumu wawo pakati, ndipo zaka zisanu pambuyo pake, mu 1896, Inkosi Gomani woyamba adaphedwa ndi asilikali a Angerezi.

Maiko a mu Africa atalandira ufulu wodzilamulira, atsogoleri awo adagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti malire onse akhale monga momwe atsamunda adawasiyira, poopa nkhondo. Chigamulo chimenecho chidali chanzeru, koma sichidasinthe ubale wa anthu. Mpaka lero munthu wa ku Tsangano akhoza kukhala ndi malume ake kutsidya, kulima munda kutsidya, kukagayitsa chimanga kutsidya, ndipo ana a kutsidya amabwera ku sukulu ndi ku chipatala kuno. Chinenero ndi chimodzi, ngoma ndi imodzi, ndipo pa msika ndalama ya kwacha ndi ya metikaisi zimayendera limodzi. Malire onse a Malawi ndi Mozambique ndi otalika makilomita pafupifupi 1,500, pamene zipata zovomerezeka monga Biriwiri, Dedza ndi Mwanza ndi zowerengeka chabe. Wogwira ntchito ya chitetezo amene sadziwa mbiri imeneyi adzaona mlandu pamene pali maliro, ndipo adzayesa wozembetsa katundu mayi amene wasenza ufa wa ana ake.

Zaka za nkhondo ndi za mantha

Akuluakulu a ku Ntcheu akukumbukira bwino nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene idamenyedwa pakati pa Boma la Frelimo ndi gulu la Renamo kuyambira mu 1977 kufikira pamene mbali ziwirizo zidasayina pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Kuyambira mu 1986 anthu adayamba kuwoloka malire mwaunyinji, ndipo pamene nkhondoyo inkatha dziko lino lidali kusunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi. Tikakumbukira kuti kalembera wa mu 1987 adapeza anthu pafupifupi mamiliyoni 8 m'dziko lonse, tiona kukula kwake kwa mtolo umenewo. M'maboma a Ntcheu ndi Dedza ambiri mwa alendowo adalandiridwa m'midzi, mafumu nawapatsa malo omangapo nyumba, chifukwa amene ankabwerawo adali abale. Dziko lino lidavomereza pangano la maiko onse lokhudza othawa kwawo mu 1987, ndipo lidakhazikitsa lamulo lakelake la othawa kwawo mu 1989. Imeneyi ndi mbiri imene Amalawi ayenera kuinyadira.

Zoopsa za masiku amenewo zidali zenizeni. Anthu a mfuti ankawoloka malire kudzalanda ng'ombe ndi chakudya, ndipo mabomba okwirira pansi adatsalira m'nthaka ya Mozambique kufikira dzikolo lidalengeza mu 2015 kuti latsiriza kuwachotsa. Mu Seputembala 1986 Pulezidenti Samora Machel, pamodzi ndi Pulezidenti Kenneth Kaunda wa ku Zambia ndi Nduna Yaikulu Robert Mugabe wa ku Zimbabwe, adabwera ku Blantyre kudzadandaula kwa Dr. Kamuzu Banda kuti a Renamo ankagwiritsa ntchito nthaka ya dziko lino. Mu Disembala chaka chomwecho maiko awiriŵa adachita pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi adapita kukalondera njanji ya ku Nacala.

Koma pali mbali ina ya mbiri yomweyo imene nyuzipepala za nthawi imeneyo sizidathe kulemba. Pansi pa malamulo a chitetezo cha dziko a mu 1965, munthu ankatha kutsekeredwa kwa zaka zambiri popanda kuonekera ku bwalo la milandu, ndipo ndende za Dzaleka ndi Mikuyu zidadzaza ndi anthu otere. A Malawi Young Pioneers adali ndi mfuti ndi mphamvu zomanga anthu, pamene wapolisi sankaloledwa kumanga mmodzi wa iwo popanda chilolezo cha akuluakulu. Makalata ankatsegulidwa, mawu olankhulidwa pa mowa ankafika ku nthambi ya polisi ya Special Branch, ndipo wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika. Kwa munthu wa m'malire, kuchezera mbale kutsidya kunkatha kusanduka mlandu wogwirizana ndi zigawenga. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967, adathawa mwaunyinji mu 1972, ndipo zikwizikwi za iwo zidakakhala m'misasa ya ku Mlangeni, kutsidya kwa malire a Ntcheu omweŵa, kufikira adabwezedwa mokakamizidwa mu 1975. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, pafupi ndi malire, ndipo dziko lidauzidwa kuti adafa pa ngozi ya galimoto pothawa. Choonadi chidadziwika poyera pamene komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Jaji Harry Mtegha, idapereka lipoti lake mu 1995.

Phunziro lake n'lakuti vuto silidali kusowa kwa alonda. Alonda adalipo ochuluka. Chimene chidasowa ndi malo amene munthu wolakwiridwa akadapita kukadandaula osaopa. Ngakhale a Focus Gwede, amene adali mkulu wa Special Branch, adadzalowa m'ndende iwo eni, ndipo a Young Pioneers adalandidwa mfuti ndi asilikali mu Disembala 1993, ambiri a iwo nathawira ku Mozambique kudzera m'malire amene ankati akuwateteza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chifukwa chake chitetezo chili chofunikabe

Asaganize wina kuti tikunena kuti malire asiyidwe opanda mlonda. Pa 24 Malichi 2020 akuluakulu a ku Mozambique adaimitsa galimoto yaikulu yochokera ku Malawi pa Mussacama m'chigawo cha Tete, ndipo atatsegula chikontena chake adapezamo mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia amene adafa chifukwa chosowa mpweya. Amoyo adali 14 okha. Mu Okutobala 2022 mitembo pafupifupi 30 ya anthu enanso oganiziridwa kuti adali a ku Ethiopia idapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anthu ameneŵa adali pa ulendo wopita ku South Africa m'manja mwa ozembetsa anthu, ndipo njira yawo imadutsa m'maboma athu a m'malire. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa malonda ogulitsa anthu la mu 2015, ndipo lamulo limenelo silingagwire ntchito popanda wapolisi woimitsa galimoto ndi kuyang'ana m'kati mwake.

Palinso kuba ziweto, kuzembetsa chimanga, feteleza, mankhwala a m'zipatala ndi katundu wosalipiridwa msonkho, ndiponso ana amene amatengedwa kukagwira ntchito m'minda kutsidya. Mu 2015 ndi 2016, mkangano wa Frelimo ndi Renamo utabukanso m'chigawo cha Tete, anthu zikwi zambiri adathawira ku Kapise, ndipo pambuyo pake adasamutsidwira ku msasa wa Luwani m'boma la Neno, limene lachita malire ndi Ntcheu. Zonsezi zikusonyeza kuti wogwira ntchito ya m'malire ali pamenepo pa chifukwa chomveka, ndipo nzika iliyonse iyenera kumuthandiza.

Zimene malamulo akunena

Chimene chidasintha mu 1994 ndi chakuti mphamvu za mlonda zidapatsidwa malire akeake. Malamulo Oyendetsera Dziko, m'ndime 19, amateteza ulemu wa munthu aliyense ndipo amaletsa kuzunza. Ndime 21 imateteza chinsinsi cha munthu: thupi lake, nyumba yake ndi katundu wake siziyenera kuchitidwa chipikisheni mwachisawawa, zinthu zake siziyenera kulandidwa, ndipo makalata ndi mauthenga ake a pa lamya siziyenera kusokonezedwa. Ndime 39 imapereka ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'dziko muno ndiponso wotuluka ndi kubwerera. Ndime 42 imati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, aloledwe kuonana ndi loya, ndipo aonekere ku bwalo la milandu pasanathe maola 48. Tiyenera kuzindikira kuti ambiri mwa maufulu ameneŵa adalembedwera munthu aliyense, nzika ndi mlendo yemwe. Mlimi wa ku Angonia amene wagwidwa pa msika wa Tsangano ali nawo monga momwe mphunzitsi wa ku Ntcheu aliri nawo.

Maufuluŵa akhoza kuchepetsedwa, koma ndime 44 imafuna kuti kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, koyenera, ndiponso kofunikira m'dziko la demokalase. Motero wapolisi akhoza kuchita chipikisheni, koma njira yake ndiyo kutenga chikalata kwa majisitireti. Pamene palibe nthawi yokatenga chikalatacho, Lamulo la Polisi la mu 2010 limafuna kuti zifukwa zake zilembedwe ndi kutumizidwa kwa majisitireti. Munthu wamkazi achitidwe chipikisheni ndi mkazi mnzake, mwaulemu. Katundu akalandidwa alembedwe, ndipo ndalama iliyonse yolipidwa ku Boma ituluke ndi lisiti.

Mabwalo a milandu nawonso adalankhulapo. Mu 2017, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, Bwalo Lalikulu lidathetsa gawo la lamulo limene linkalola kumanga munthu chifukwa chongopezeka pa malo mooneka ngati wokayikitsa. Mu 2022 bwalo lomwelo lidagamula kuti kusesa anthu mwachisawawa, kumanga aliyense wopezeka pa malo popanda kumuuza mlandu wake, n'kosemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Zigamulo zimenezi zimagwira ntchito ku Tsangano chimodzimodzi ndi ku Blantyre.

Oyang'anira alonda

Lero malo okadandaulako alipo. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu amene sadachitiridwe chilungamo ndi maofesi a Boma. Bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene lamulo lake ndi la mu 1998, limafufuza kuphwanyidwa kwa ufulu wa anthu. Lamulo la Polisi la mu 2010 lidakhazikitsa bungwe la Independent Complaints Commission kuti lizifufuza madandaulo okhudza apolisi, makamaka imfa ndi kuvulala kwa anthu amene ali m'manja mwawo, ndipo lidaperekanso mwai kwa anthu wamba osankhidwa kuti aziyendera zitokosi za polisi. Pa nkhani za ziphuphu pali Anti-Corruption Bureau, ndipo ku Nyumba ya Malamulo kuli komiti yoona za chitetezo.

Kuti njira zimenezi zikhoza kugwira ntchito tidaona pa nkhani ya ku Msundwe m'boma la Lilongwe, kumene amayi ndi atsikana adadandaula kuti adachitidwa nkhanza ndi apolisi mu Okutobala 2019. Bungwe loona za ufulu wa anthu lidafufuza, ndipo mu Ogasiti 2020 Bwalo Lalikulu lidalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Koma tiyeneranso kuvomereza zofooka. Bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi lidalembedwa m'lamulo mu 2010, koma lidatenga zaka khumi kuti liyambe ntchito, pakuti mkulu wake woyamba adasankhidwa mu 2020. Ndipo mu Meyi 2023, Boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku msasa wa Dzaleka, mazanamazana a anthu, ana omwe, adayamba asungidwa ku ndende ya Maula, zimene mabungwe oona za ufulu wa anthu adazidzudzula.

Chofooka chachikulu kwa munthu wa m'malire ndi mtunda. Maofesi a mabungwe ameneŵa ali m'matauni, pamene mlimi wa ku Tsangano amene walandidwa matumba awiri a mbatata afunika ndalama ya ulendo yoposa mtengo wa mbatatayo kuti akadandaule. Choncho amangokhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko kumaphunzitsa wolanda kuti mawa alandenso.

Chinsinsi m'nyengo ya makina

Kale chinsinsi cha munthu chinkaphwanyidwa potsegula kalata yake ku positi ofesi. Lero chili m'lamya ya m'manja ndi m'makompyuta a Boma. Mu 2017 anthu opitirira mamiliyoni 9 adalembetsa m'kaundula wa unzika, napereka zithunzi ndi zidindo za zala zawo, ndipo mu 2018 manambala a lamya adayamba kulembetsedwa m'maina a eni ake. Zimenezi zimathandiza kugwira akuba ndi kudziwa nzika zenizeni, koma zimaikanso m'manja mwa ogwira ntchito za Boma mbiri ya munthu aliyense. Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'maofesi ndi m'makina, ndipo udindo woliyang'anira udaperekedwa ku bungwe la MACRA. Mfundo yake ndi yakuti zimene munthu wapereka pa chifukwa chimodzi zisagwiritsidwe ntchito pa chifukwa china popanda lamulo lololeza.

Kwa wogwira ntchito pa rodibuloko tanthauzo lake n'lomveka. Kufunsa chiphaso ndi ntchito yake. Kutenga lamya ya munthu ndi kuyamba kuwerenga mauthenga ake chifukwa chongofuna kuona ndi nkhani ina, pakuti lamya ya masiku ano ili ngati chipinda chogona cha mwini wake. Ndiponso m'dera limene mayi ndi wa kuno, bambo ndi wa kutsidya, nkhani ya unzika iyenera kuweruzidwa ndi ofesi yoyenera potsata lamulo, osati ndi kamvekedwe ka dzina la munthu kapena mudzi umene agogo ake adachokera.

Udindo wa akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi

Tsono tipempha zinthu zingapo zimene sizifuna ndalama zambiri. Poyamba, akuluakulu a polisi, a zolowa ndi kutuluka m'dziko ndi a msonkho aonetsetse kuti aliyense wogwira ntchito pa chipata kapena pa rodibuloko akudziwika dzina kapena nambala yake, ndipo kuti pali buku lolembamo aliyense wogwidwa ndi chilichonse cholandidwa. Buku lotere limateteza mwini katundu, komanso limateteza wogwira ntchito wokhulupirika pamene wanamiziridwa. Chachiwiri, pa chipata chilichonse ndi pa misika ya m'malire pakhomedwe chikalata cha m'Chichewa chofotokoza katundu amene amalipiridwa msonkho, mtengo wa chiphaso cha m'malire, ndi kumene munthu angakadandaule. Ziphuphu zimakula bwino pamene anthu sadziwa mtengo weniweni wa chinthu.

Chachitatu, Bwanamkubwa wa boma ndi mafumu aziitana mabungwe olandira madandaulo kuti afike ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Biriwiri pa masiku a msika, kuti mlimi asasowe kolankhula. Pa misonkhano ya akuluakulu a mbali ziwiri za malire, nkhani ya m'mene anthu wamba akuchitidwira ikambidwe pamodzi ndi nkhani ya ng'ombe zobedwa. Achitetezo a m'midzi nawonso akumbutsidwe kuti ntchito yawo ndi kuthandiza apolisi, ndipo kuti alibe mphamvu yomenya munthu, yolipiritsa chindapusa kapena yolowa m'nyumba ya mwini.

Kwa inu aphunzitsi, amene m'midzi yambiri ya m'malire ndinu amene anthu amakubweretserani makalata kuti muwawerengere, udindo wanu ndi waukulu. Phunzitsani ana mbiri ya malire ameneŵa monga momwe idakhalira, za 1891, za 1986 ndi za Mlangeni zomwe. Aphunzitseni kuti kuwoloka ndi katundu wozembetsa ndi mlandu, ndi kuti mlendo wolonjeza ntchito ya ndalama zambiri kutali ayenera kunenedwa kwa mfumu ndi ku polisi. Aphunzitseninso za maola 48, za lisiti, ndi za ufulu wofunsa mwaulemu chifukwa chimene munthu wamangidwira. Mwa ana amene ali m'kalasi mwanu lero mudzatuluka apolisi ndi asilikali a mawa, ndipo zimene adzachite pa rodibuloko zidzachokera pa zimene adamva kwa inu.

Malire otalika chotere sangatetezedwe ndi mfuti zokha. Amene amaona galimoto yachilendo ikudutsa usiku m'njira ya ng'ombe ndi mlimi wa pamudzi, ndipo iye adzakanena ku polisi pokhapokha ngati amakhulupirira kuti kumeneko adzalandiridwa ngati munthu. Wogwira ntchito amene amanyoza anthu ndi kuwalanda katundu amatseka yekha maso ndi makutu amene akadamuthandiza. Anthu a ku Tsangano adaonetsa kale, m'zaka za nkhondo, kuti amadziwa kusunga mlendo ndi kusunga dziko lawo nthawi imodzi. Boma limene adalisankha liyenera kuwachitira ulemu womwewo.